Nthenda Yopanda Dzina ndi Kakalata ka Zgambo

Lachisanu lina mu Juni, chaka changa cha khumi ndi chiwiri pa ntchito

"Nkhulwara yayi ine! Ndimakodza bwinobwino ngati mpope wa pa Jenda! Chinzonono mukunenacho mwachiona pati, adada?"

Amene ankandikalipira chonchi, akukana m'Chitumbuka kuti iye sakudwala, anali Yotamu Zgambo, mmisiri wocheka matabwa m'nkhalango ya Luwawa. Anali ataima pamwamba pa chipika cha paini, sowo ili m'manja, ndevu zili mbuu ndi utuchi. Ine ndinali pansi, nditagwira kakalata ka kuchipatala komuitana kuti akalandire mankhwala omwe mkazi wake anali atayamba kale kumwa. Anzake asanu anali atasiya ntchito, makutu ali tcheru. Inu ana anga, Chifundo ndi Yamikani, bambo anu mumawadziwa. Munthu wamutu wabwino akanapinda kakalatako n'kudikira kuti mtima wa mnzakeyo ugwe. Ine ndinaponya chikwama pansi n'kupinda mikono ya malaya. Koma kuti mumvetse chimene chinandifikitsa pansi pa chipika chimenecho, ndiyambire pamene ndinayambira ntchito.

Chaka choyamba

Nditamaliza Folomu 4 kwathu ku Dowa n'kuphunzira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, kalata inabwera yoti ndipite ku Mzimba. Anzanga ankandimvera chisoni, ati kumeneko n'kutali, kumazizira, ndipo anthu ake sudzawamva. Ine ndinavina! Ntchito ya boma, yunifolomu yabuluu, dzina langa pa kalata ya sitampa, ndani akanandiletsa? Tinatsika basi pa Jenda anthu atatu, ine, mayi anu a Naphiri, ndi iwe Chifundo uli kumsana. Katundu wathu yense anali matiresi, ndowa ndi wailesi. Lole yopita kukatenga matabwa ndiyo inatinyamula kulowera kum'mawa mpaka pa kachipatala kakang'ono ka m'mphepete mwa nkhalango. Tinafika tili ofiira ndi fumbi, mayi anu atakwiya, ine ndikuimba.

Ntchito yanga inali kuyeza ana pa sikelo, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'zitsime ndi kulondola anthu kuti akumbe zimbudzi. Ndinkaikonda ntchito imeneyi koopsa, ngakhale zosowa zinali zambiri. Filiji ya katemera inkayendera parafini, ndipo parafiniyo akatha ndinkanyamula katemera pa njinga yakapalasa kupita naye ku chipatala china, kukwera mapiri omwe ng'ombe nazo zimapumira panjira. Njingayo inali imodzi, alangizi tinali atatu. Chitumbuka ndinachiphunzira pa sikelo pomwepo, amayi akundiseka mpaka kugwetsa misozi.

Bwana wanga anali Mayi Chirwa, namwino komanso mzamba, munthu wamfupi wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu m'tchalitchi. Sabata yoyamba yomweyo ndinakalipira bambo wina wamkulu chifukwa chosowa chimbudzi, pamaso pa akazi ake awiri. Nkhani inafika ku chipatala ine ndisanafike. Mayi Chirwa anandikhazika pansi n'kunena kuti, "A Mbewe, kuno munthu sakumba chimbudzi chifukwa wakalipiridwa. Pakamwa panupa pamafika eni ake musanafike." Tsiku lomwelo anandipatsa dzina lakuti Chimoto, ndipo mpaka lero ndikapita ku Jenda pali ondiitana choncho.

Chinthu chimodzi chinkandivutitsa maganizo pa sikelo. Panali amayi ena omwe sankakhala pa benchi. Ankaima kumbuyo, atabereka mwana wa mkazi mnzawo kapena wa mlamu wawo. Anthu ankawatchula kuti chumba, kutanthauza mkazi wosabereka, ndipo ankawatchula choncho eni ake akumva. Ukafunsa chifukwa chake, yankho linali limodzi: ali ndi mauka. Mkazi akamamva kuyabwa kumusi, akamataya chikazi chachilendo, kapena akakhala nthawi osaima, ankati ndi mauka, ndipo amayi aakulu ankamutengera kuseri kukamudula ndi lezala. Ine lezalayo ndinkadana nayo, ndinakangana nawo kangapo amayi amenewo. Koma akandifunsa kuti, "Mbwenu tiuzeni inuyo, vuto n'chiyani?" ndinkangokanda m'mutu.

Chaka cha khumi ndi chimodzi, nthawi ya dzinja

Yankho ndinalipeza ku Boma. Anatiitana alangizi angapo ku maphunziro a sabata imodzi a matenda opatsirana pogonana, kuti tizithandiza kuphunzitsa anthu ndi kulondola amuna kapena akazi a odwala. Chindoko ndinkachidziwa, chinzonono ndinkachidziwa, mabomu ndinkawadziwa. Tsiku lachitatu mayi amene ankatiphunzitsa anajambula chiberekero pa bolodi. Chinkaoneka ngati mutu wa ng'ombe ya nyanga ziwiri, ndipo anzanga a kuno anaseka kuti akuidziwa ng'ombeyo. Mayiwo anati nyangazo ndi machubu omwe dzira limadutsamo, ndipo njira ya mkati mwake ndi yaing'ono kuposa kachubu ka inki ka m'bolopeni. Kenako analemba liwu limodzi: klamidiya.

Ana anga, mvetserani apa, chifukwa ngakhale zina zonse za m'buku lino mutaziiwala, izi zokha musaiwale. Anati kachilombo kameneka kamalowa pogonana n'kukhala pa khomo la chiberekero, ndipo amayi ambiri samva kalikonse. Amuna ambiri nawonso samva kalikonse. Munthu amalima, amaimba kwaya, amanenepa, kali mkati. Kwa ena kamadzionetsa pang'ono: chikazi chosintha mtundu kapena fungo, kuwotcha pokodza, kupweteka pachinena, kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena kutaya timagazi pambuyo pake ngakhale si nthawi ya kumwezi. Kakapanda kuphedwa kangathe kukwera mpaka m'machubu muja, n'kutupitsa, n'kusiya zipsera. Chubu chikatsekeka, mimba siibwera. Chikatsekeka mwatheka, mimba ingakhale m'chubu momwemo, chubu n'kuphulika, mayi n'kutayira magazi mkati. Ena amatsala ndi ululu wa m'chinena wa zaka ndi zaka. Ndipo mayi woyembekezera angampatsire mwana pobadwa, khanda n'kumatuluka mafinya m'maso kapena kudwala chibayo.

Ine ndinalephera kukhala pampando. Ndinaimirira osaimika dzanja n'komwe. "Pepani amayi, dzina lake la Chichewa ndi chiyani?" Anati lilibe. "Nanga la Chitumbuka?" Anzanga anati nalonso palibe. "Ndiye kuti nthendayi ikutimalizira mabanja chonsecho sitinaipatse n'dzina lomwe?" Kalasi yonse inaseka, koma ine sindinaseke. Amayi oima kumbuyo kwa benchi aja ndinkawaona mmodzimmodzi m'maso mwanga. Sindikunena kuti onse linali vuto lomweli, kusabereka kuli ndi zifukwa zambiri ndipo zina zimakhala kwa mwamuna. Koma apa panali chifukwa chimodzi chomwe makapisozi a masiku asanu ndi awiri akanachithetsa chisanawononge! Ndinafunsa mafunso mpaka nthawi ya tiyi inadutsa, anzanga akundikoka malaya.

Ndinabwerera ku ntchito ngati munthu wobadwa mwatsopano. Pa sikelo iliyonse ndinkajambula mutu wa ng'ombe uja pansi ndi kamtengo. Poti nthendayo inalibe dzina, ndinaipatsa langa: mng'ono wake wa chinzonono, amene sachita phokoso. Amayi ankaseka n'kumabisa nkhope m'zitenje. Wina anakuwa kuchokera kumbuyo, "Adada a Chimoto, zimenezi mwazidziwa bwanji inu? Kapena mumasamba nanu?" Ine ndinati, "Ndikanamasamba ndikanabwera msanga ku chipatala kusiyana ndi inu, amama!" Kuseka kunali komweko, koma sikelo ikatha, mmodzi kapena awiri ankatsalira n'kuzembera ku chipinda cha Mayi Chirwa. Ndikaona zimenezo ndinkayenda ngati ndakwezedwa pa ntchito.

Choyezera nthendayi pa kachipatala kathu panalibe. Mayi Chirwa ankamva zizindikiro, n'kumuyeza mayiyo, n'kupereka jakisoni ndi mankhwala ogwira chinzonono ndi klamidiya pamodzi. Kenako ankapereka kakalata koti mayiyo akapatse mwamuna wake, chifukwa kuchiza mmodzi yekha n'kungotaya mankhwala, amakapatsirananso. Makapisozi ankabwera n'kutha mwezi usanathe. Koma chosowa kwambiri sichinali makapisozi. Anali amuna. Timakalata tinkapita, amuna osabwera.

Lachinayi la sabata ya mkangano ija

M'mawa wa tsikulo Mayi Chirwa anandiitana m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Pampando panali NyaShaba, mkazi wa Zgambo uja. Ndinkamudziwa, anali mmodzi wa oima kumbuyo kwa benchi. Anali atakhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mimba, ndipo apongozi ake anali atamudulitsa mauka kawiri. Mayi Chirwa anati, "NyaShaba wavomera yekha kuti mumve. Yankhulani, amama."

Analankhula akuyang'ana pansi. Anati aka kanali kachitatu kulandira mankhwala. Akamwa, ululu wa pachinena umachepa, chikazi chimasiya. Mwamuna akabwera kuchokera ku nkhalango kumapeto kwa mwezi, pakapita masabata ochepa zonse zimayambiranso. Ndinafunsa za timakalata tiwiri toyamba. Anatsegula buku lake la nyimbo za kutchalitchi, ndipo tonse tiwiri tinali momwemo, tosapindika n'komwe.

"Ndikanampatsa bwanji, adada? Akanati ndazitenga kuti. Chumba ndi chumba kale, ndiye awonjezere kuti hule?"

Ndinafuna kulankhula, koma Mayi Chirwa anandiyang'ana mondiletsa. NyaShaba anapitiriza. Anati akuluakulu a mbali zonse ziwiri agwirizana kuti Lamulungu likudzalo, anthu akaweruka ku tchalitchi, abweretse mng'ono wake Tiwonge kuti akhale mbirigha. Inu munakulira kuno koma mwina simunazione. Mkazi akapanda kubereka, makolo ake ena amapereka mng'ono wake kwa mwamuna yemweyo kuti amuberekere ana, banja lisathe, ng'ombe zisabwerere. Mwambo umenewu ine sindinaukondepo, ndipo ndinkanena poyera. Tiwonge anali ndi zaka makumi awiri, mtsikana wa nkhope yowala amene ankagulitsa mbatatesi pa msewu.

"Zanga ine mwina zinatha kale," anatero NyaShaba. "Amama a Chirwa andiuza kuti mankhwala amapha tizilombo koma sachotsa zipsera. Chabwino. Koma Tiwonge ndinamulera ndine. Alowe m'nyumba muja ali bwinobwino, zaka zisanu zikadzatha nayenso azidzaima kumbuyo kwa benchi? Mupite ndinu, adada. Inu ndinu mwamuna, mwina akakumverani."

Ndinali nditaimirira kale. Mayi Chirwa anatsegula kabati n'kundionetsa kapepala ka makapisozi. "Awa ndi omaliza, a munthu mmodzi. Ndikuwasungira Zgambo mpaka Loweruka masana. A Chimoto, mundimvetse bwino. Mukamuitanire pambali. Mukanene kuti akufunika ku chipatala, basi. Dzina la nthenda ayi, za m'buku la kuchipatala la mkazi wake ayi. Mwamva?" Ndinati ndamva. Ndinamvadi, ndi makutu.

Lachisanu lija, ku nkhalango

Nthawi imeneyo chipatala chinali chitalandira njinga yamoto, ndipo ndinaiyendetsa ngati ndikukapulumutsa dziko lonse. Ndinawapeza amisiriwo pa msasa wawo wa zigwagwa, zotsalira za matabwa zija, sowo ikulira. Ndinapereka moni mwaulemu n'kupempha Zgambo kuti atsike tikambe pambali. Anati, "Yankhulirani pomwepo, adada, awa ndi abale anga, tilibe chobisirana." Ndinati ndi nkhani ya ku chipatala. Anati iye sakudwala. Ndinati akufunikabe. Anati, "Ndikufunika chifukwa cha chiyani?" Ndinapempha kachitatu, iye n'kuyambanso kukoka sowo ngati pansi palibe munthu. Apa ndi pamene dzina langa lokoma lija linandipweteketsa. Pa sikelo linkaseketsa amayi, ndiye pakamwa panangolitulutsa pokha, mokweza kuti lipose phokoso la sowo: "Chifukwa cha mng'ono wake wa chinzonono!"

Sowo inaima. Za mng'ono palibe anazimva, onse anamva chinzonono. Ndiye Zgambo n'kukuwa mawu aja ndayamba nawo, anzake n'kufa nacho chikhakhali. Wina anati, "Yotamu, tiziopa kugwira sowo yako!" Ine m'malo mopepesa ndinakuwa, "Tsika pamenepo, mbuli iwe! Kukodza bwino ndiye umboni? Ukuwononga ana a eni ake uli chilili pa chipika!"

Anatsikadi. Anali wamtali kundiposa, mikono ngati mitengo yomwe ankachekayo. Anati, "Ndikudziwani anthu a chipatala. Mankhwala anuwo ndi olera, mukufuna mundisandutse gojo. Ine ndili ndi mwana ku Chikangawa, wamwamuna, wofanana nane mphuno. Wosabereka akudziwika." Anandilanda kakalata kaja, n'kutsinamo fodya wa chingambwe, n'kukapichira bwinobwino, n'kuyatsa. Utsi woyamba anaupemerera kumaso kwanga. Nkhonya ndinali nditaikunga, ndipo zonse za m'buku la kuchipatala la NyaShaba zinali pa lilime. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatola chikwama n'kuliza njinga, anthu akuimba mluzu kumbuyo.

Mayi Chirwa anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Ndinakutumani kukaitana munthu, inu mwakamuvula pagulu." Ine ndinali ndikuyakabe. Ndinati basi, mawa ndikupita kwa bambo ake a Tiwonge, a Shaba, ndikawauze zonse, kuti mkamwini wawo akukana mankhwala ndipo mwana wachiwiri akumuponya m'dzenje lomwe munagwera woyamba. Anati, "Mukatero ntchito yatha, koma zimenezo ndi zanu. Changa ndi ichi: mawa lomwelo mudzi wonse udziwa za NyaShaba, ndipo palibe mayi adzalowenso m'chipinda chino. Chinsinsi chimenecho si chanu." Ndinati, "Nanga Tiwonge?" Anati, "Sindikudziwa, a Mbewe." Zaka khumi ndi ziwiri ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo. Ndinatuluka nditatsimikiza kuti kwa a Shaba ndipita, ntchito ithe ngati ikutha.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mayi anu anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinawafotokozera osatchula maina, ndikuzungulira bwalo, ndikutukwana amuna onse a m'dziko muno. Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako, osadzutsa mutu, anati, "Mwamukalipira mwana wa eni ake ngati inuyo simunang'ambepo kakalata."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo.

Izi sindinakuuzenipo, ndipo mayi anu awerenga tsamba lino ndisanalipitirire. Chaka changa chachiwiri kuno, iwe Chifundo uli ndi zaka zitatu, mayi ako anayamba kudandaula m'chinena. Anapita ku chipatala cha ku Boma, anabwera ndi mankhwala ndi kakalata kanga. Ine ndinali ndi chibwenzi pa Jenda nthawi imeneyo. Ndinkadziwa. Koma sindinkamva kupweteka paliponse, ndiye ndinakang'amba kakalatako pamaso pawo, n'kuwafunsa kuti matendawo awatenga kuti. Ine, mlangizi wa zaumoyo, wa yunifolomu yabuluu. Chaka chotsatira anaima, tinasangalala, koma mwezi wachiwiri anakomoka akuchokera ku chitsime. Mimba inali m'chubu. Anathamangira nawo ku Boma, anawachita opaleshoni, chubu chimodzi anachotsa, ndipo adokotala anati chotsalacho chili ndi zipsera. Pamenepo mankhwala ndinamwa, mwakachetechete, ndipo chibwenzi ndinathetsa. Yamikani, iwe unabadwa Chifundo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonse zapakatizo azakhali ako a ku Dowa ankawanena mayi ako kuti anatseka okha. Ine ndinkangokhala chete. Ku maphunziro kuja mafunso ankandichulukira chifukwa mutu wa ng'ombe unali pa bolodiwo ndinkaudziwa mwini wake.

Ndinati, "Naphiri, ndiye nditani?" Anati, "Za mkazi wake simunganene. Za iyeyo mwanena kale zokwana. Zatsala zanu." Ndinati zangazo ndi zawonso, ndipo amisiri a matabwa pakamwa pawo sipatsekeka, pofika Lolemba Jenda yense adzakhala akudziwa. Anathira nyemba m'lichero n'kuimirira. "Chipsera chili pamimba panga, ndiye wopereka chilolezo ndine. Kamuuzeni. Ine anandinena zaka zambiri pa mlandu wosakhala wanga. Akuneneniko inuyo pa mlandu wanu."

Loweruka m'mawa

Ndinanyamuka kutangoyera, chifunga chili tolo, zala zikuuma pa chiwongolero. Pa mphambano yopita kwa a Shaba ndinaima, injini ikulira. Kenako ndinakhotera ku nkhalango.

Mwayi unali wanga. Zgambo ndinamupeza yekha kuseri kwa msasa, atakhala pa chitsa, akunola mano a sowo ndi tupa. Atandiona anaimirira, tupa ili m'manja. Ine ndinazimitsa njinga, ndinayenda mpaka pafupi, n'kunjuta pansi monga amachitira anthu a kuno kwa wamkulu, chonsecho mwa zaka wamkulu ndinali ine.

"A Zgambo, dzulo ndinalakwa. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu. Pepani chomene."

Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna mboni. "A Chimoto kupepesa? Mwadwala?"

"Ndinadwalapo. N'zimene ndabwerera. Khalani pansi, sindikufunsani kanthu, mungomva."

Ndinamuuza zonse, chibwenzi cha pa Jenda, kakalata kong'ambidwa, mayi anu atagona kumbuyo kwa galimoto milomo itayera, ine nditagwira botolo la diripi. Ndinamuuza kuti nanenso ndinkakodza bwinobwino. Ndinamuuza kuti makapisozi omwewo ndinamwa ine, ndipo mwana wamwamuna ndinabereka pambuyo pake, ndiye za ugojo aiwale. Mawu ankandituluka movuta, koma atayamba sanaimenso. Tupa ija anaiika pansi.

"Ndiye mukuti ndine ndinamutseka NyaShaba?"

"Sindikudziwa, ndipo palibe angadziwe amene anayamba. Chimene ndikudziwa n'chakuti ngati kali mwa inu, aliyense wogona nanu kamupeza."

"Akamwa, ine n'kumwa, abereka?"

"Sindikulonjezani. Wanga anabereka ndi chubu chimodzi patapita zaka. Ena sabereka. Koma amene sanalowe m'nyumba mwanu machubu ake akadali bwino."

Sindinatchule dzina, koma anamva. Kenako anafunsa kuti, "Masiku angati?"

"Asanu ndi awiri, m'mawa ndi madzulo. Ndipo masiku onsewo osagona ndi mkazi aliyense. Mayi wa mwana wanu wa ku Chikangawa uja nayenso afunika kakalata kake."

"Mbwenu mawa ndi Lamulungu."

"Mawa ndi Lamulungu."

Anatulutsa foni m'thumba la ovolosi n'kukwera pa chitsa pomwe pankagwira netiweki. Ndinamva akupereka moni wautali wa kwa apongozi, kenako anati, "Adada, za mawa zija ziyambe zaima. Yayi, palibe cholakwika. Tiwonge akhale kaye kunyumba, ndibwera ndekha tidzakambe." Atatsika anandiloza ndi chala. "Sindinati ndikudwala."

"Simunatero."

Ndinkafuna kukuwa kuti nkhalango yonse imve, koma ndinaluma mlomo. Tinafika pa njinga, iye n'kuima. Anati njinga ya chipatala aliyense amaidziwa, ndipo pambuyo pa zadzulo, akangomuona ali kumbuyo kwanga, ana a sukulu omwe adzamuimba nyimbo. Ndinaona kuti munthuyu akubwerera. Ndinavula chisoti changa cha njinga, chija chotseka nkhope yonse, n'kumuveka ndekha, n'kutsitsa galasi lake. Chinamuthina, ndevu zinatsalira kunja pang'ono, koma ngakhale mayi ake omubereka sakanamuzindikira.

"Nanga inu?" anafunsa, mawu akumveka ngati ali m'ndowa.

"Ine andione. Kwerani, ndipo mugwire zolimba, Mayi Chirwa amatseka kabati masana."

Anakwera, njinga inatitimira, mikono ija inandizinga m'chiuno. Ndinaiponda kamodzi, inalira, ndipo tinatsika phiri la Luwawa mutu wanga uli pamtunda, mphepo ya Juni ikundicheka makutu, misozi ikuyenderera cha m'mbali, ine ndikuliza hutala kwa aliyense amene tinakumana naye.